Ambulansi Yathu Yabwerera ku Utsikana

Kwa Bwana Mkulu Woona za Magalimoto,
Ku Likulu la Bungwe Lathu,
Blantyre.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndine Geresomo Khembo, dalaivala wa ambulansi ya chipatala chathu chaching'ono kuno kwa Chapananga. Chaka chino ndi cha khumi ndi chinayi ndili pachiwongolero chomwechi. Makalata atatu amene ndinakulemberani ndikhulupirira akupumula bwino m'kabati mwanu, n'chifukwa chake iyi ndaipereka ku nyuzipepala, kuti mwina muikumanize pomwa tiyi. Sindikudandaula ayi, ndine yani ine? Ndabwera kudzathokoza, pakuti mwachita chimene sing'anga aliyense m'chigwa muno sanachithepo: mwatenga nkhalamba n'kuisandutsa namwali.

Kwa owerenga amene sakuidziwa nkhaniyi, inayamba chonchi. Mu Febuluwale tinawoloka mtsinje wa Mwanza madzi ali m'chiuno, tili ndi wodwala kumbuyo. Tinawoloka ndithu, koma madzi analowa mpaka pamene ndimakhala ine, dashibodi n'kufa. Mita yowerenga makilomita inatsinzina ikusonyeza 387,000. Nambala imeneyi ndinailemba m'buku la maulendo ndi dzanja langali, a Sisita Nancy, namwino wamkulu pano, n'kusainira. Patatha miyezi iwiri munatitumizira dashibodi ina, yozula m'galimoto ina ya bungwe imene inagubuduzika idakali yatsopano. A Maclean, makaniko wathu wa pa Nchalo, anaimanga bwinobwino. Titaliza injini, mita inati 41,200. Tinaseka mpaka misozi, bwana, osadziwa kuti tikudziseka tokha.

Tsono nawa mathokozo anga, ndawaika m'manambala monga mumakondera kulikulu.

1. Zikomo potitumizira a Fortune, kalaliki wanu, mu Julayi, kudzayendera magalimoto. Munthu waulemu, wa tayi. Boneti sanatsegule, pansi pa galimoto sanasuzumire, poopa kudetsa buluku. Anangotsegula chitseko, kujambula mita ndi foni, n'kupukuta thukuta. Ndinawatulutsira mabuku asanu ndi anayi a maulendo, omanga ndi luzi, iwo n'kundiphunzitsa kuti dzanja la munthu limatha kunama koma makina sanama. Ndinaphunzirapo kanthu tsiku limenelo. Ife osaphunzira kuno, pogula ng'ombe pamsika timaiyasamulitsa n'kuona mano, sitifunsa chingwe chimene yamangidwira kuti chili ndi zaka zingati. Koma ndiye za kumudzi zimenezo. A Fortune anachoka nyama ya mbuzi imene tinawaikira pamoto isanafewe n'komwe.

2. Zikomo chifukwa cha lamulo lanu lanzeru, lakuti galimoto ikapitirira makilomita 300,000 ipumule, pabwere ina. Chaka chatha yathu inali yoyamba pamndandanda wa zolandira mpumulo. Chithunzi cha a Fortune chitafika patebulo panu, munaifufuta, ndipo kalata yanu inatiyamikira posamala bwino galimoto. Takhuta, monga amanenera abale athu a ku Nsanje. Ndawerengetsa ndi ndodo pamchenga: mmene timayendera pano, kuti mita iyi ifike 300,000 papita zaka zisanu ndi ziwiri. Chitseko chakumbuyo timamanga ndi mphira wa tchubu, giya yachiwiri imatuluka yokha ikaona chitunda, utsi wake ngakhale udzudzu wa m'dambo umathawa. Koma poti pepala lanu lati ndi namwali, ife tizingoti inde.

3. Apa ndiye ndilibe mawu okwanira. Mu Ogasiti a Maclean anamvetsera injini n'kunena kuti lamba wa m'kati watha, asinthidwe msanga. Tinalemba pempho. Munayankha kuti lamba ameneyo amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo yathu ikadali kutali. Lamba uja sanawerenge kalata yanu. Anaduka pa 9 Okutobala, dzuwa lili paliwombo, tili pakati pa tchire tikuthamangira kuchipatala chachikulu ku boma ndi Rute, mayi wa zaka makumi awiri amene mwana anali atapingasa m'mimba. Mukudziwa Okutobala wa kuno, bwana? Ayi, pepani, kwanu kuli mafani. Foni sinkagwira. Ndinathamanga ndi miyendo yanga yokalambayi mpaka pamudzi wapafupi kukapempha ngolo. Tinamunyamula Rute pa chitenje n'kumugoneka pa mapesi a mapira, a Sisita atagwira botolo la diripi m'mwamba, ng'ombe ziwiri zikukoka. Patatha maola awiri tinakumana ndi lole ya thonje, imene inatifikitsa kuchipatala. Rute ali moyo, mwana ali moyo, koma madokotala anati kukanangopita ola lina tikanabwerako ndi maliro awiri. Ine ndinkayenda pambuyo pa ngoloyo makiyi a ambulansi ali m'thumba. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Lipoti lanu linati vuto ndi kayendetsedwe ka dalaivala, pakuti galimoto yatsopano siingadule lamba. Ndalandira ndi manja awiri. A Maclean anaikamo lamba wina, ikukwawanso.

4. Chotsiriza, zikomo potiteteza ku uchimo. A Maclean akuti nambala yeniyeni siinatayike, ikadali m'kabokosi ka kompyuta ka galimotoyi, ndipo ku Limbe kuli munthu amene angalumikize laputopu yake n'kuibwezera pa dashibodi, ntchito yosafika ola limodzi. Tinapempha chilolezo. Munatiyankha ndi inki yofiira kuti kuseweretsa mita ndi chinyengo, ndipo wochita zimenezo adzachotsedwa ntchito. Zoona, bwana, akamberembere alipo, koma amene ndimawadziwa ine amachotsa makilomita kuti agulitse chiphapha ngati chatsopano. Ine mwina ndine wakuba woyamba m'dziko muno kupempha kuti katundu wake akalambitsidwe. Ndiye kuti mita ikamanama yokha ndi chilungamo, tikafuna kuiuza zoona ndi chinyengo. Sukulu ndi yabwino, ife tinaithawa msanga.

Mwina mukuti mdala ameneyu walongolola. Galu wamkota sakandira pachabe, bwana. Mndandanda wa magalimoto atsopano mukutseka pa 30 Novembala. Mitambo yayamba kale kuunjikana cha ku Mozambiki, ndipo a Sisita Nancy ali ndi amayi khumi ndi mmodzi oyembekezera kuchira Khirisimasi isanafike, atatu mwa iwo ndi oti sangachirire pano. Ndikawaona atakhala pakhonde la sikelo, n'kutembenuka kuona galimoto imene ikawanyamule, ndimathamangira pepala ndi cholembera. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndiye ine ndatsegula.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo lili pawiri kuti musankhe nokha mosavutika. Loyamba: tumizani munthu wa laputopu uja, ndi mboni zanu zambiri mmene mungafunire, nambala yoona ibwerere, dzina lathu libwerere pamndandanda. Ngati zimenezo zikuphwanya malamulo, musadzivute, lachiwiri silikuphwanya lililonse. Anzanga oyendetsa kulikulu andinong'oneza kuti galimoto imene mumakwera inu, yoyera ija yoziziritsa m'kati, mita yake yafika 96,000. Bwana, ndinamva chisoni. Munthu wamkulu ngati inu kumayenda m'chigalimoto chokalamba kuposa chathu kawiri, ife anthu wamba tikunjoya m'yatsopano? N'zosayenera, ndipo anthu a kwa Chapananga sitinaleredwe choncho. Tavomerezana kuti tisinthane. Chokalamba chanucho tipirira nacho ife. Yathuyi ndidzakubweretserani ndekha, yotsukatsuka, ngati ingakwere chitunda cha pa Thabwa. Ndipo tsiku limene mwana wanu wamkazi adzamve kupweteka kwa kubereka, mudzamukweze m'menemo ndi mtima wokhazikika, pakuti makina sanama.

Ine wanu wopanda pake, amene akudikira yankho pamthunzi wa galimoto yatsopano,

Geresomo Khembo,
Dalaivala, kwa Chapananga.