Loko wa Khansala Laston

Inu, tamverani za a Laston, khansala wa kwathu ku Chisenga, munthu woti ngakhale pamaliro salephera kutchula udindo wake. Khonsolo itatikumbira mjigo, iwo anapita kumsonkhano ku Boma n'kubwerako atakhuta nkhuku ndi nzeru. Anati madzi apansi amatha ngati shuga, afunika kusamala. Kusamalako kunali unyolo ndi loko wa ku Tanzania, kiyi m'thumba mwawo.

Anthu anayamba kutunga mosinthana, eti mwachilungamo. Koma chilungamocho chinkayambira pa akazi awo, kenako owaumbira njerwa, kenako nkhumba zawo. Amayi ena anabwerera kumtsinje, ana n'kumatsegula m'mimba. Mayi Dinah, amene mwana wawo anagonekedwa kuchipatala, atadandaula, a Laston anawauza kuti zachitukuko n'zovuta kwa munthu wosapita kumisonkhano.

Ndiye kunabwera alendo a kukhonsolo kudzaona mmene tikusamalira madzi. A Laston anavala suti, nayamba kulankhula pamjigo pomwepo uku akuzunguza kiyi pachala. Atafika pa mawu oti "masomphenya", kiyi anauluka n'kukagwera m'chithaphwi cha nkhumba zawo zomwe. Anapempha amayi kuti afufuze, koma amayi onse anayamba kuyang'ana mapiri a Mafinga ngati awaona koyamba. A Laston analowamo okha, suti ndi nsapato zomwe, nkhumba ikuwanunkhiza ngati m'bale wake wobwera kutali. Anavuula supuni yakale, kiyi ayi.

Paja amati manyazi amapatsa mphamvu. Anatola mwala, nawerama, n'kuyamba kumenya loko alendo akuonerera. Unyolo unaduka, chopopera mjigo chinadzuka n'kuwapatsa moni pakamwa. Dzino lakutsogolo linatsata kiyi.

"Pepani chomene, adada," anatero mayi Dinah, akutchera ndowa yawo. "Koma tasunthani pang'ono, mukutidonthezera magazi m'madzi."

Tsiku lomwelo alendo anasiya mjigo m'manja mwa komiti ya amayi, ndipo pano aliyense amatunga potsata mzere, akazi a khansala omwe. Koma a Laston sagonja. Pamowa amauza aliyense kuti mjigowo anautsegula okha chifukwa chokonda anthu, moti anapempha kuti upatsidwe dzina lowakumbukira. Anthu anavomera mosavuta. Mukafika ku Chisenga muli ndi ludzu, ingofunsani pa Dzino.