Botolo limene linapuma pamaso pa apongozi

Pali masiku amene mkamwini amayenera kukhala pansi, kuyang'ana zala zake za kumapazi, n'kumangoti "zikomo" basi. Tsiku londisudzula linali lotero. Koma ine ndinaimirira n'kuphunzitsa sayansi.

Mkazi wanga Esinati anamwalira ndi mphumu nyengo yosankha fodya. Ndimaphunzitsa za thupi la munthu pa sekondale ina yoyendera cha ku Chulu, ndipo nyumba imene tinkakhala inayang'anizana ndi zigafa za esiteti. Mphepo ikatembenuka, fumbi la fodya linkalowa mpaka m'kabati ya mbale. Tsiku limenelo kamankhwala kake kopopera m'kamwa kanali katatha, ndipo njinga yamoto yoti imutengere kuchipatala inachedwa. Ndilekere pomwepo.

Chaka chitatha, akuchikazi anandiitana kwawo ku Wimbe kuti timange chiliza, andimasulenso paukwati. Nkhani yaikulu inali ya Tadala, mwana wathu wa zaka zitatu, amene ndinkakhala naye ku Chulu ndipo ndinafika naye ku Wimbe kutatsala sabata. Mwambo umati mwana ndi wa kwa mayi, koma atsibweni ake a malemu, a Kachingwe, anali atandinong'oneza kuti ndikaonetsa khalidwe, mwanayo ndibwerera naye. Ndinangofunika kukhala chete mpaka dzuwa lipendeke.

Ndinapereka sutikesi ya malemu. Mlamu wanga, mng'ono wake wa Esinati, anayamba kutulutsa zitenje chimodzichimodzi pamphasa. Kenaka anakuwa n'kuponya chinthu pansi.

Linali botolo lapulasitiki lodula kunsi. M'kati munkalendewera tizibaluni tiwiri tofiira, tomangirira ku kapaipi ka bolopeni, ndipo kunsiko ndinali nditakutirako mphira. Ndinalipanga ndekha pofuna kumuonetsa Esinati zimene zinkachitika m'chifuwa mwake. Atapita sindinathe kuliyang'ana, sindinathenso kulitaya, choncho ndinalibisa m'zovala zake n'kuiwala. (Munthu wa digiri ameneyo.)

"Bambo a Tadala," anatero a Kachingwe mwaulemu woopsa, "kanthu aka n'kachiyani?"

Munthu wanzeru akanati n'chidole cha mwana. Ine ndinati, "Amenewo ndi mapapo."

A Kachingwe anasuzumira m'botolomo.

"Mapapo a ndani?"

"A munthu aliyense. Tingoti a malemuwa."

Amayi ena anatola ana awo. Kuno nkhani zoti wakutiwakuti anatsekera mnzake m'botolo kuti fodya amuyendere sizichita kufuna umboni. Ndinaona kuti zikuipa, ndipo monga mphunzitsi aliyense amene kalasi yamusokonekera, ndinaganiza kuti vuto n'lakuti sindinafotokoze bwino.

Ndinatola botolo lija. Ndinati mapapo alibe mphamvu yodzikokera mpweya okha. Pansi pawo pali mnofu wopyapyala, ndiwo mphira uwu. Mnofuwo ukatsika, malo amakula m'chifuwa, mpweya wakunja n'kuthamangiramo. Ndinakoka mphira uja. Tizibaluni tija tinafufuma. Ndinausiya, tinafota.

"Mayo! Chikupuma!" anakuwa mlamu wanga. "Achemwali ali m'menemo!"

Mkulu wa mpingo amene anabwera kudzapempherera chiliza anayambitsa nyimbo, koma anaiyamba pamwamba kwambiri moti palibe anamulandira.

Apa mpamene ndikanakhala pansi. M'malo mwake ndinati ndiwatsimikizire kuti mpweya ndi chinthu wamba, chopimika. Pakhonde panali ndowa ya laimu wopaka chiliza, atadikha, madzi oyera mbee ali pamwamba. Ndinatungako m'tambula yagalasi. Ndinafotokoza kuti m'mapapo muli timatumba tosawerengeka, m'mene mpweya wabwino umalowera m'magazi, woipa n'kutulukamo, ndipo woipawo ukakumana ndi madzi a laimu amasintha. Ndinazula phesi la udzu padenga n'kuuziramo.

Madzi aja anasanduka ngati mkaka.

Ana a fomu 3 amawomba m'manja pamenepa. Ku Wimbe anthu anadumpha mphasa. Ndinali nditatenga madzi a pamanda a mkazi wanga n'kuwasandutsa ndi mpweya wa m'kamwa mwanga, masana, pamaso pa mboni zonse.

"Aphunzitsi," a Kachingwe anatero atabwerera m'mbuyo masitepe atatu, "ku koleji kuja munkaphunzira usiku kapena masana?"

Amene sanasunthe anali apongozi anga, amayi ake a Esinati. Zaka zisanu zonse sitinayang'anizanepo. Tinkalankhulana wina ali kuseri kwa nkhokwe. Tsiku limenelo anadzuka, nabwera kudzagwada pafupi nane, mwambo n'kuusiya pamphasa.

"Bambo, kokaninso."

Ndinakoka.

"Nanga mwana wanga chinakanika n'chiti pamenepa?"

Ndinati tinjira ta mpweya timatupa n'kuchepa, makamaka tikakumana ndi fumbi. Mnofu umakoka ndithu, koma mpweya umalowa movutikira, kutuluka ndiye n'kovuta koposa. Ndinaphimba kapaipi kaja ndi chala, n'kusiya kampata kakang'ono, ndipo ndinakankha mphira. Botolo linalira kuti fyiii.

Sindinayembekezere kuti lilira ngati iye. Ndi mmene ankamvekera m'mawa uliwonse wa mwezi wa June, akundiuza kuti ndisadandaule, ndipite kuntchito. Ndimadziwa bwino lomwe kuti kusisima ndi mnofu womwe uja ukamakoka modukizadukiza. Ndinalembapo zimenezi pabolodi. Kudziwako sikunandithandize. Pamaliro sindinagwetse msozi, anthu mpaka anandinena. Ndinadzalira chaka chitatha, nditagwira botolo la sikwashi.

Apongozi anadikira mpaka nditatha. Kenaka anatembenukira kwa alongo awo.

"Achimwene, uyu si mfiti. Mfiti imakhala yochenjera."

Anthu anaseka pang'ono, mwamanyazi, n'kuyamba kubwerera pamphasa. Mtima wanga unatsika. Ndinayang'ana Tadala, amene nthawi yonseyi ankalimbana ndi chitsononkho cha chimanga.

"Koma bambo," anapitiriza apongozi, "kulira kumeneku ndakumvanso sabata ino. Tadala akathamanga amatero. Mwati fumbi ndi limene limatseka tinjirato?"

Ndinavomera.

"Nyumba yanu ija idakali pa zigafa paja?"

Ndinavomeranso.

"Ife kuno fodya tinasiya, tili pa soya ndi mtedza. Ndiye mwanayu akapume kuti? Yankhani ndinu aphunzitsi."

Ndinafunafuna yankho lina m'zonse zimene ndinaphunzira. Linalipo limodzi lokha, ndipo ndinali nditangolionetsa ndekha, ndi zipangizo.

Anandisudzula madzulo omwewo, mwaulemu wonse. Ndinabwerera ku Chulu ndi sutikesi yopanda kanthu pakaliyala wa njinga yanga. Botolo linatsala, apongozi amaonetsa nalo amayi anzawo chifukwa chimene salolera Tadala kuyandikira utsi wa kukhitchini, ndipo ndamva kuti amafotokoza bwino kundiposa.

Kalata yopempha kusamutsidwa kupita kusukulu ya kutali ndi zigafa ndinalemba, ndikudikirabe. Loweruka lililonse ndimapalasa njinga kupita ku Wimbe, ndipo ndikafika ndimayamba ndaika khutu pamsana pa mwana wanga ndisanapereke moni kwa aliyense.

Zaka zonse zimene ndagwira choko ndakhala ndikudandaula kuti palibe amene amamvetsa phunziro la kapumidwe. Amene analimvetsa anapezeka mmodzi, tsiku limodzi, ndipo anatenga mwana wanga.