Buzina ya Bambo Teodoro

Nzeru yokaba motobomba, makina opopa madzi a Dona Glória, inabadwira m'baraka ya mowa ya kuseri kwa msika wa ku Chipera, botolo la kachasu litafika pakati. Ndimo mmene nzeru zonse za Benedito zimabadwira. Anzake ankamutcha Komandanti, ngakhale chimene anayamba walamulirapo m'moyo wake ndi mbuzi za amalume ake, nazonso zinamuthawa.

"Tamverani, amwene," anatero Komandanti. "Makina opopa madzi aja amagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya Dona Glória. Okumba golide ku Fingoe akuwalirira, maenje awo adzaza madzi. Tikangowafikitsa uko, pronto, ndife mabwana."

Sizinamukhudze kuti makinawo ndiwo ankadyetsa ana a mayiyo, poti ankawabwereketsa kwa alimi a m'madimba. Mbava ilibe chisoni, ili ndi ludzu basi.

"Nanga tiwasenza pamutu?" anafunsa Jossias. Uyu ankatchedwa Mphezi, chifukwa akayamba kudzuka pampando m'mawa ankamaliza dzuwa lili paliwombo.

"Galimoto musiyireni ine," anayankha Nazário, akudziguguda pachifuwa. Iyeyu anali Injinyero wa gululi. Anakhalapo pa galaja ina mumzinda wa Tete, ndipo nkhani yake inkathera pomwepo. Sankanena kuti ntchito yake kumeneko inali kusesa.

M'dera lonselo galimoto inali imodzi, kapikapu kokalamba ka Bambo Teodoro, ka chitseko chomanga ndi mphira. Kanalibe tsiku kapena ola lonyamukira. Anthu ankangodziwa kuti buzina, imene a ku Malawi amati hutala, ikalira motalika, ndiye kuti ulendo wa ku Fingoe wapsa, aliyense athamange ndi katundu wake. Koma buzinayo inali itafa kalekale, ndipo mwini wake anakaniratu kuyenda. Ankati msewu wa ng'ombe ndi makona ngati umenewo suyendeka ndi galimoto yosalankhula, komanso apolisi a ku Fingoe sangamusiye. Matumba a mtedza anangounjikana m'makonde, anthu makutu ali tcheru.

Loweruka m'mawa Injinyero anafika kwa Bambo Teodoro atanyamula sipanala imodzi ndi kampeni.

"Tiyu, matenda a buzina ndi atatu," anatero ngati dokotala, akumuitana mkuluyo tiyu, kutanthauza amalume. "Fuzi, buzina yeniyeniyo, kapena waya."

Fuzi anaipeza itapsa. Anaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya n'kuibwezera. Atatenga waya kuti ayese buzinayo kuchokera ku batire, mkuluyo anamugwira dzanja.

"Dikira, mwanawe! Ikangolira, mudzi wonse ubwera ndi mbuzi."

Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi bulangeti, nakulunga buzina ija. Waya atakhudza batire, kunamveka kamawu kotsamwa ngati ka nkhuku yotsekeredwa m'dengu. Buzina inali yamoyo. Koma atadina pa chiwongolero, zii. Injinyero anamasula pansi pa chiwongolero, napeza waya atadulidwa ndi makoswe. Poti mwini galimoto anali chilili pambali pake, anayenera kuoneka wogwira ntchito. Analumikiza ndi kawaya ka wailesi yakale, kupotokola ndi mano, osakulunga ndi kanthu, n'kukankhira zonse mkati. Kenako anachotsa mobisa kachitsulo ka pa batani n'kukaponya m'thumba.

"Mwaona, tiyu? Sikulirabe. Ndisiyireni makiyi, mawa ndidzaiyendetse pang'ono, ndimve pamene pakuvuta."

Bambo Teodoro anapereka makiyi, natenga bulangeti lake.

"Buzina ndaipha ndekha," Injinyero anauza anzake madzulo ake. "Batani lili m'thumba mwanga umu. Ngakhale mutaliponda chiwongolero ndi phazi, nada!"

"Ukuona phindu loyenda ndi ophunzira?" anatero Komandanti kwa Mphezi, amene anali atayamba kale kuwodzera.

Lamulungu kunacha bwino. Anthu onse anali m'tchalitchi, nyimbo ikumveka mpaka kumsika. Loko wa kachipinda ka Dona Glória sanavute. Chinavuta ndi Mphezi, amene anapempha kupuma motobomba ili m'malere, mpaka inatera pa chala cha Komandanti. Anaikweza ndithu, n'kuifunditsa masaka. Komandanti anakhala kutsogolo ngati bwana, chigongono pawindo.

"Tiye, Injinyero. Mwakachetechete."

Galimoto inabwerera m'mbuyo bwinobwino. Injinyero anakhotetsa chiwongolero kumanzere mpaka kumapeto kuti alowe mumsewu. Mkati muja, kawaya kamaliseche kaja kanakhudza chitsulo n'kukakamira pomwepo.

Paaaaaaaa!

Buzina imene inakhala chete nthawi yonseyo inalira ngati ikulipira masiku onse amene inagona. Agalu anayankha. Mphezi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, analumpha.

"Zimitsa!" anakuwa Komandanti.

"Batani lili m'thumba!"

"Ndiye zimitsa m'thumba momwemo, galu iwe!"

Injinyero anapisa dzanja pansi n'kuzula mawaya odzaza dzanja. Injini inazima. Buzina ayi. Kapepala ka fodya kaja kanagwira ntchito kuposa fuzi ya kusitolo, sikanapse n'komwe.

M'tchalitchi nyimbo inadukira pakati. Woyamba kutuluka anali mayi wina amene mtedza wake unali utayamba kufumbwa. Kenako onse anakhamukira kunja, mlaliki kumbuyo kwawo, nayenso anali ndi nkhumba yoti akagulitse. Mbava zija zitaona fumbi la anthu likubwera, zinayang'anana. Zinaganiza kuti zagwidwa.

Koma anthuwo sanabwere ndi zibonga. Anabwera ndi matumba, nkhuku zomanga miyendo, njinga yothyoka, mbuzi.

"Injinyero wakonza! Injinyero wakonza!"

Amayi analuluta. Amuna awiri anamutulutsa Injinyero m'galimoto n'kumunyamula m'mwamba. Komandanti anayesa kutsegula chitseko kuti athawe, koma chinali chija chomanga ndi mphira, ndipo mbali inayo munali mutalowa kale nkhalamba ina ndi tambala pamiyendo. Mphezi kumbuyo anakwiriridwa ndi matumba mpaka m'khosi.

Dona Glória anafika pomalizira, wefuwefu, atavala kapulana, chitenje chake cha Lamulungu, akufuna kukagula mafuta a makina ake ku Fingoe. Anthu anamupatsa malo pa mulu wa masaka. Atakhala, anadzuka msanga.

"Ichi chondibaya n'chiyani?"

Anavundukula. Anayang'ana motobomba, nayang'ana kansalu kofiira kamene anamanga yekha pa chogwirira, nayang'ana Mphezi.

"Jossias, makina anga akupita kuti?"

Mphezi anaganiza nthawi yaitali, monga mwa chizolowezi chake. "Mama, funsani Komandanti. Ine anangoti ndinyamule."

Amene ananyamula Injinyero sanamutsitse. Anangomugwira molimbirapo.

Bambo Teodoro anabwera mosafulumira, nazula waya wa batire, dziko n'kukhala bata. Anabwezera mawaya a injini limodzilimodzi, nagwedeza chiwongolero mpaka kawaya kaja kanasiya chitsulo. Motobomba inatsitsidwa, Dona Glória akuipukuta ndi kapulana, misozi ya mkwiyo ili m'maso. Pamalo pake anakhazikapo mbava zitatu, zomangidwa ndi chingwe chimodzi ndi nkhumba ya mlaliki.

Motero ulendo wa ku Fingoe unapsadi tsiku limenelo, monga Komandanti analonjezera. Kungoti msewuwo uli ndi makona ambiri a kumanzere, ndipo pa kona iliyonse buzina inkalira yokha. Anthu a m'midzi ankatuluka kudzaona, okwera n'kumaloza atatu aja ndi kufotokoza nkhani yonse mokuwa.

Atayandikira kupolisi, Injinyero anaweramira pawindo, manyazi atamugwira.

"Tiyu, chonde, chotsaniko kafuzi kaja. Tilowe m'tauni mwaulemu."

Bambo Teodoro anamuyang'ana pagalasi.

"Ayi, mwanawe. Ntchito ya manja ako imeneyi, anthu aimve."

Ndipo anakhotera kumanzere.