Ndinavomela Kuthamanga Chabe

Lolemba

Miyendo ikuwawa. Sabata yangoyamba kumene!

Ine telala wa pamsika, mai wa ana atatu, ndili nayo chiyani mipikisano? Kalabu yothamanga ndinalowa chifukwa anasi kuchipatala anandiopseza ndi bipi. Anati ndiziyendako m'mamawa. Kuyenda chabe. Koma a Daka, akochi athu, mawu akuti kuyenda sawadziwa.

Lelo tathamanga kuchokela ku boma kuno ku Petauke mpaka pa mphambano ya mseu waukulu. Pobwelela atiimika pansi pa mango, tonse malilime kunja. Akuti Loweluka kuli mpikisano ku Nyimba, wa magawo atatu. Wina asambile m'damu, wina achove njinga, wina amalize ndi kuthamanga.

Kenako nkhani yaikulu. A Daka apuma ntchito ya uphunzitsi, mwezi ukatha akubwelela kwawo ku Sandwe kukalima. Kalabu iyi anaiyambitsa okha, ndipo zaka zonsezi anthu a ku Nyimba akhala akutigonjetsa.

"Kamodzi chabe, ana anga," akutelo. "Nikakambeko kumudzi kuti ninawina."

Maso awo afiila. Akuti ndi fumbi.

Timu yasankhidwa pomwepo.
Kusambila: a Mwanza ogulitsa nsomba zouma. Akuti anakulila m'mbali mwa Luangwa, ng'ona zimawapatukila.
Njinga: a Tembo ometa tsitsi, eni njinga ya matayala owonda ngati chingwe choyanikila.
Kuthamanga: ine. Lamulo likuti timu ikhale ndi mzimayi, ndipo azimayi anzanga onse anapeza chochita ndi zingwe za nsapato nthawi imodzi.

Ndavomela chifukwa cha maso aja.

Lachiwili

M'mawa a Daka atikweza kaphili ka kuseli kwa msika. Kukwela, kutsika, kukwelanso. Pamwamba palibe chomwe tinaiwala.

Kushopu phazi likukana kuponda makina. Madilesi a ukwati wa anthu akundiyang'ana pa msomali. Mwini wake wabwela kudzaona, ndamuuza kuti ulusi wa mtundu umenewo wasowa. Ulusi ulipo.

Madzulo kalabu yonse ku damu kukaona a Mwanza akuyesela. Afika ndi thaulo pakhosi ndi magalasi obweleka kwa owotchelela zitsulo. Awongola manja. Awongola msana. Azungulila damu. Aviika chala cha kuphazi, achitulutsa, achiyang'ana.

"Aya ni madzi ya ana. Ine nifuna yozama."

Sanalowe. Anthu awomba m'manja! A Daka akumwetulila ngati mphoto ili kale m'thumba.

Ine sindikunena kanthu. Koma munthu wozolowela madzi sapinda thalauzi mosamala chonchija.

Lachitatu

Njinga ya a Tembo yafa.

Alamu awo a ku Mwape anagona kwawo, ndipo mbandakucha anaitenga osapempha kuti akanyamulile nkhumba yomwe anagula. Nkhumba pa matayala aja! Gudumu la kumbuyo lapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Nkhumba ili bwino, yafika.

A Tembo akhala pakhomo pa shopu yawo tsiku lonse, gudumu pamiyendo, anthu akubwela kudzapepesa ngati pamalilo. Lina lotelo akuti nkulipeza ku Lusaka kokha. Anzathu awalonjeza njinga zitatu zobweleka. Akana zonse.

"Ine sininga chove njinga yopita nayo ku chigayo. Anthu amanidziwa."

Atuluka mu timu. A Daka akuti tisadandaule, aganiza. Ndikamva a Daka akuti aganiza, ndimadziwilatu kuti mavuto ali panjila.

Ku kwaya amai ena andikokela pambali. "Amake Tisa, tinakuonani pamseu m'thalauzi. Pa msinkhu wanu mukuthamangitsa ndani?" Ndati bipi. Sanakhulupilile.

Zowawa lelo:
akakolo,
msana,
pena pake pansi pa nthiti pomwe sindinkadziwa kuti pali nyama.

Lachinayi

Amai Mwanza abwela kushopu ndi siketi yoti ndiwachepetsele. Ndafunsa ngati bambo akukonzeka bwino za Loweluka. Aseka mpaka kukhala pa mulu wa nsalu.

"Kusambila? Aja? Posamba m'bafa amagwila chipupa!"

Ku Luangwa anakuliladi, koma pamwamba pa phili, ndipo madzi ankatunga ndi alongo awo. Lelo a Mwanza alawila m'mawa, akuti apita kukagula nsomba, abwela sabata ya mawa. Foni yazimitsidwa.

Ndapita ndekha kukawauza a Daka. Ndawapeza akumanga mabuku m'makatoni. Amva, akhala pa katoni. Nyumba yopanda makatani, zithunzi zochotsedwa pa khoma, mkulu wa imvi akuyang'ana pansi. Ndafuna kuwasangalatsa pang'ono. Ndati zikanakhala zakale, ine ndili mtsikana tinkasambila mumtsinje kwathu tikamaliza kuchapa.

Pakamwa panga! Pakamwa panga!

Adzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Aimbila foni amai Sakala, otsogolela kalabu ya ku Nyimba, kufunsa ngati munthu mmodzi angachite magawo awili. Ndamva kuseka kwawo ndili patali. Akuti nzololedwa, abwele tiwaone.

Tsopano ndisambila, ndipo ndithamanga.

Lachisanu

Funso lalikulu: ndivala chiyani m'madzi? Tija tovala atsikana pa TV, ayi. Ku Nyimba kuli azilamu anga.

Madilesi a ukwati ndawakankhila pambali. Ndasoka chovala cha chitenge kuyambila pakhosi mpaka mu akakolo, ndi nsalu ina mkati kuti chikanyowa chisaonetse. Chakongola. Ngati anthu apatsidwa mphoto ya ulemu, yanga imeneyo.

Zoganiza za a Daka zatuluka. Njinga achova okha. Yawo anatumiza kale ku Sandwe, ndiye abweleka kwa bambo wogulitsa malasha. Yakuda bii, chonyamulila kumbuyo chachikulu ngati chitseko, buleki ndi chidendene.

Madzulo tapita ku damu awili chabe. Ndalowa ndi siketi yakale, chatsopano ndikusungila mailo, tsiku la mpikisano. Thupi likukumbukila pang'ono, manja akudziwa, miyendo yaiwala. Ndamwa madzi okwana kuphikila. Ng'ombe ina yasiya kumwa nkumandiyang'ana mpaka ndatuluka.

A Daka azungulila damu pa njinga ija. Potsika agwila mtengo nthawi yaitali, akupuma ndi pakamwa. Mantha andigwila. Ndati bambo, tiyeni tizisiye, palibe amene adzatiseka.

"Akaseka aseke. Koma dzina la Petauke aliitane, pakhale oyankha."

Ndanyamula mankhwala a bipi, anga ndi owonjezela.

Loweluka

Ndabwela. Ndili moyo. Ndilemba msanga manja asanaume.

Kondakitala wa basi akana njinga, akuti idetsa katundu wa anthu. A Daka amukumbutsa kuti anamuphunzitsa masamu. Njinga yakwela.

Ku Nyimba dzuwa ngati lili ndi mlandu nafe. Matimu onse masikipa ofanana, anyamata ndi atsikana olimba ngati mitengo ya mipanda. Aitana maina. "Petauke!" A Daka ayankha mokweza mpaka mbuzi zathawa. Anthu atembenuka, aona nkhalamba, njinga ya malasha ndi ine m'chitenge cha maluwa. Ena akuganiza kuti tabwela kudzagulitsa zinthu.

Kusambila. Anzanga adumphila, madzi phwaa, apita. Ine ndalowa bwinobwino mwaulemu. Chovala changa chamwa theka la damu. Nsalu ya mkati ija, nzelu zanga zija, zikundikokela pansi ngati ndabeleka thumba la chimanga. Mwayi damu laphwa, pakati pokha ndi pozama, kwina konse ndayenda m'matope ndikupalasa manja kuti zioneke ngati kusambila. Mwana wina pamtunda wakuwa, "Amai aja ayenda!" Wopanda mwambo.

Ndatuluka womaliza, chokwawa. Ndapatsa a Daka kansalu kofiila komwe timapatsilana. Anyamuka, njinga ikulila ngati chigayo.

Kudikila. Njinga za ena zabwela, othamanga awo apita, abwelanso, amaliza. Amai Sakala ndi timu yawo awina. Nyimbo, kuvina, mphoto zagawidwa. Mipando yayamba kunyamulidwa. A Daka kulibe.

Apa nthabwala zinandithela. Ndaima pamseu, chovala chikuuma pathupi, ndikuganiza kuti ndikawauza chiyani ana awo. Ndapempha wa njinga yamoto kuti akawafune. Asanalize nkomwe, a Daka awo akutulukila pa kona, wapansi, akukankha. Tcheni paphewa, bondo likutuluka magazi, m'tsitsi muli masamba.

Akuti potsetseleka chidendene chinalephela, anakalowa m'munda wa nthochi. Asanagwe anaimitsidwanso kawili ndi azimayi ofuna malasha.

Ndati basi bambo, zatha, anthu apita. Angonditambasulila kansalu kofiila.

"Malizani, amake Tisa."

Ndathamanga. Zizindikilo za njila anachotsa kale, ndafunsa njila kwa ogulitsa tomato. Pena ndayenda, pena ndatukwana a Mwanza, a Tembo, nkhumba ndi anasi a kuchipatala. Chakumapeto ndamva mapazi kumbuyo. Amai Sakala, avula kale nsapato zothamangila, ali m'mapatapata.

"Tiyeni amai, musaime. Mukaima apa simudzukanso."

Athamanga nane mpaka pabwalo. Chingwe chomalizila anapita nacho, ndiye atsikana awili a ku Nyimba atambasula chitenge, ndachigunda ndi mimba. Otsala ochepawo akuwa ngati ndawina. A Daka akhala pa mwala, bondo lomangidwa ndi mpango, akulila poyela. Za fumbi sanatchule.

Atipatsa mkoko wa nthochi. Takwela basi. Tadya nthochi mpaka Petauke.

Sondo

Kutchalitchi sindinapite. Kuchoka pa bedi kufika pakhomo ndapuma panjila.

M'khutu muli madzi a ku Nyimba. Ndikapendeka mutu ndikumva damu.

A Tembo atumiza uthenga pa gulu la kalabu kuti akanakhalapo tikanawina. A Mwanza foni yayaka, akufunsa kuti zinayenda bwanji.

Masana ndamva kugogoda. A Daka, akutsimphina, nkhope yowala ngati apita kukafunsila. Ndaganiza kuti abwela kudzatsazika, ndipo ndinakonza kale mawu abwino. Ndawapatsa mpando.

Akuti sanagone bwino, akhala akuganiza.

Akuti munthu sangapite kumudzi ndi nambala yomaliza. Munda wa ku Sandwe alima ang'ono awo, iwo akhala chaka china, apeza kale kanyumba kuseli kwa msika. Akuti mailo ku Nyimba kuja anaona chinthu chomwe sanaonepo zaka zonse za kalabu: munthu wosadziwa kusiya. Chaka cha mawa kuli gawo la munthu mmodzi kuchita zonse zitatu, ndipo amai Sakala avomela kale dzina langa.

Ndati bambo, ine njinga sindidziwa kuchova. Chibadwile.

"Ndiye chifukwa chake nabwela nayo."

Ndasuzumila pawindo. Yatsamila khoma langa, yakuda bii, yasiya kale chizindikilo pa laimu. Wa malasha akuti wagula ina, iyi titha kuphunzilila.

Apita akuimba mluzu. Ine ndakhala pomwepo, mapazi m'beseni la madzi ofunda. Madilesi a ukwati sanasokedwe, ukwati ndi Loweluka likubwelali. Kukana ndikana ndithu, koma lelo ndilibe mphamvu zake.

Akuti mailo kukacha ndivale thalauzi lakale, poyamba munthu amagwa kwambili.