Foda ya Nyimbo za Lenti

Ino ndi sabata yachitatu azakhali asakuyankha moni wanga, ndipo zonsezi ndinazitenga ku kalabu ya kompyuta ya kusukulu.

Ndimakhala nawo ku Chilomoni kuti ndimalize Folomu 4 (kwathu ndi ku Nsanje). Anandipatsa laputopu yakale ya malemu amuna awo kuti ndizisungamo manotsi. Aphunzitsi atatiuza kuti kompyuta yokalamba ikhoza kusanduka seva, yosunga nyimbo ndi mafilimu kuti aliyense m'nyumba azitsegula pa foni yake popanda bandulo, sindinachedwe. Ndinaikamo mapulogalamu aulere aja, olembedwa ndi anthu ongodzipereka, n'kuilumikiza ku karauta, kachipangizo kogawa Wi-Fi m'nyumba. Zinatheka. Azakhali mpaka anakauza anzawo kutchalitchi kuti akusunga injiniya.

Koma m'laputopumo munalinso dayale yanga. Zina sindilemba, ndimangojambula mawu. Pofuna kuti wina asatsegule, foda yake ndinaitcha "Nyimbo za Lenti" (ndani angazifune nyimbo zachisoni zija?). Seva ija, poti sidziwa ulemu, inasesa chilichonse chomveka n'kuchiika pa mndandanda.

Lenti inakwana. Lachitatu masana amayi a mphakati wathu anasonkhana pabalaza kudzapemphera, ine ndili kukhitchini kuwiritsa tiyi. Azakhali analumikiza foni yawo ku sipika, n'kulengeza monyadira kuti mwana wawo anawasungira kale nyimbo. M'malo mwa kwaya munatuluka mawu anga, ndikuwayeseza azakhaliwo: mmene amadandaulira kuti shuga watha pomwe amubisa m'chitini cha mpunga, ndi mmene amawatchulira amayi apampando a mphakatiwo kuti "Wailesi ya Chilomoni". Amayi apampandowo anali pa sofa yomweyo.

Ndinathamanga kukazula chaja, kuiwala kuti laputopu ili ndi batire. Magetsi nawo, amene amazima tsiku lililonse, tsiku limenelo anakhazikika, karauta osazima.

"Isiye," anatero azakhali. "Timve zonse."

Tinamvadi zonse. Tiyi anazizira m'makapu.

Pano laputopu ili m'sutikesi yokhoma, pamodzi ndi manotsi anga onse a Bayoloji, mayeso ali pafupi. Dzulo ndinawamva azakhali akufunsa amayi anga pa foni ngati sukulu ya kumudzi ingalandire wa Folomu 4 pakati pa chaka. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinalira.

"Zimenezinso ukajambule," anangotero.

Ndikudziwa kuti ndiyenera kuphunzirapo kusunga pakamwa. Koma chimene chikundiwawa n'china: tsiku lija seva yanga siinadukize ngakhale kamodzi, mawu ankamveka mpaka pakhonde, ndipo ndilibe woti ndimuuze.