Tsiku limene ndinavomera nkhope ya eni ake

Mpaka lero ndikadutsa pamene amagulitsa nyama mumsika, ndimayenda mofulumira, maso pansi. Nkhaniyi mkazi wanga NyaMhango anaifalitsa kale m'dera lathu lonse la Katawa, koma amaikamba ngati kuti ine ndinalibe nzeru ngakhale pang'ono. Nzeru ndinali nazo. Zinangondichulukira pa nthawi yolakwika.

Ine ndinakula ndi agogo, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Agogo sankalankhulalankhula, ndipo phunziro lawo linali limodzi: ukafika pamalo, yamba wayang'ana, pakamwa utseke. Ndinawamvera kwambiri moti pa sitolo ya zitsulo pamene ndinkagwira ukalaliki, ena anatha miyezi akuganiza kuti sindimva Chitumbuka, ndipo ankandinena ndili pomwepo. M'masiku a chipani chimodzi khalidwe limeneli linali chuma. Olankhula kwambiri ankatengedwa kupita kumalo kumene munthu sabwerako msanga.

Kenako Mulungu anandipatsa Wezi. Maso anatengera ine, koma pakamwa sindikudziwa kumene anapatola. (Amayi ake amati ndi kwathu. Kwathu kwake kuti, poti ndinatsala ndekha?) Ali ndi zaka zinayi, mwanayu ankaona chilichonse, ndipo chimene waona ankachilengeza. Anafunsapo abusa chifukwa chake amatsegula diso limodzi popempherera chakudya. Anauzapo mlendo wathu kuti nsapato zake ndi zomwe zija tinaziona pa kaunjika. Madzulo ankatenga khala n'kujambula anthu pa makatoni a sopo, ndipo aliyense ankamupatsa makutu aakulu ngati mbale.

Kenako anapeza masewera a khadi. Achinyamata a lero sangadziwe: nthawi imeneyo sukanalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Pachipata pankaima anyamata a malaya ofiira, ndipo pakhadipo panali nkhope ya mtsogoleri wa dziko, amene tonse tinkamudziwa ndi chipewa chake ndi litchowa m'dzanja. Wezi ataona zimenezi kawiri katatu, anayamba kuima pakhomo la nyumba yathu ndi kandodo, chidole chake cha chitsononkho atachibereka kumbuyo.

"Khadi!"

"Wezi, ndine bambo ako, ndatopa."

"Kutopa si khadi, adada. Khalani pansi apo."

Ndinkakhaladi pansi, amayi ake akuseka m'khitchini. Ndinkadziuza kuti ndi zachibwana, zidzatha. Ndinamuphunzitsanso phunziro la agogo, kuti munthu aziyang'ana chabe. Anandiyang'ana bwinobwino, n'kunena kuti m'mphuno mwanga mwamera tsitsi.

Tsono khadi langa ndinkalisunga mu envulopu yakale, m'thumba la jekete, kuopa kamvula kowaza ka kuno kamene kamanyowetsa munthu asanadziwe. Ndinkanyadira dongosolo limeneli. Pachipata sindinkafunafuna m'matumba ngati anthu ena. Ndinkangopereka envulopu mwaulemu, maso pansi, osachulutsa mawu.

Loweruka lina NyaMhango anadwala mutu, nandituma kukagula nyama ndi tomato. "Mutengeni mwanayu," anatero, "mwina mutu ungaleke." Tinayenda wapansi kuchokera ku Katawa, Wezi akundifotokozera mbiri ya galu aliyense wa m'njira.

Pachipata panali anyamata atatu. Wamkulu wawo, wa wisulo m'khosi, anatambasula dzanja.

"Monire adada. Khadi."

"Yewo," ndinavomera moniwo m'Chitumbuka, n'kupereka envulopu.

Anaitsegula. Anayang'anitsitsa m'katimo kuposa masiku onse. Kenako anaitana anzake aja ndi chala. Ndinadzutsa maso, ndipo m'dzanja lake munali kachidutswa ka katoni ya sopo, kodulidwa bwino muyezo wa khadi. Pakatikati panali munthu wojambulidwa ndi khala: chipewa pamutu, makutu ngati mbale, mano atatu, mimba yozungulira, ndipo m'dzanja chinthu cha ubweya chimene mwana aliyense m'dziko muno akanachitchula kuti litchowa.

Kusowa khadi unali mlandu, koma wotheka: akukhazika pansi, ugula lina, upita. Koma kuyenda ndi nkhope ya mtsogoleri ili ndi mano atatu, m'thumba, mu envulopu, ngati chinthu chosungidwa mwachikondi! Ndinaona ntchito yanga ikutha. Ndinaona galimoto ikuima pakhomo pathu. Ndinaona Wezi akukula ngati ine, wopanda bambo.

"Iwe," anatero wa wisulo uja (za adada zinali zitatha), "uyu ndi ndani?"

Apa ndi pamene phunziro la agogo likanandithandiza. Zaka makumi atatu ndinali nditatseka pakamwa. Tsiku lokhalo lofunika kutseka, ndinatsegula.

"Ndine ameneyo."

"Ndiwe?"

"Eya. Mwanayu amakonda kundijambula."

Anayang'ana katoni, nayang'ana ine. Ine ndine munthu wowonda ngati nsungwi, ndipo chibadwire sindinavalepo chipewa.

"Chipewa chili kuti?"

"Chili kochapa."

"Mimbayi?"

"Ndinadwala chaka chatha, ndiye inaphwa."

"Nanga ichi chili m'dzanjachi?"

"Tsache," ndinatero. "Ndimathandiza amayi ake kusesa."

Amayi ena ogulitsa nthochi, amene anali atasiya malonda kuti amvetsere, anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Mwanalume wakusesa!" anafuula m'Chitumbuka. "Kasi ali na mung'ono wake?" Ndinayamba kuona ngati ndapulumuka. Manyazi ndinali wokonzeka kuwasenza, bola ndikagone kwathu.

Ndinali nditaiwala kuti sindinabwere ndekha.

"Bodza," anatero Wezi, ndi mawu ake aja omveka mpaka kudepoti. "Si adada amenewo. Adada sasesa."

Ndinamufinya dzanja. Anati, "Mukundipweteka, adada," mokweza kuposa poyamba.

Wa wisulo ananjuta kuti alingane naye. Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunandiopsa kwambiri.

"Mwana wabwino chomene iwe. Tandiuze, wajambula ndani apa?"

Ndinatseka maso. Ndinayamba pemphero, koma mawu okha amene anabwera anali a pemphero la chakudya.

"Ndi a Chirwa a nyama," anatero Wezi, ngati akudabwa kuti anthu akuluakulu sakuona chinthu choonekeratu. "Awo ali apowo. Amathamangitsa ntchentche ndi mchira wa ng'ombe."

Tonse tinatembenuka. Mkati mwa msika, kuseri kwa tebulo la nyama, kunali a Chirwa: chipewa pamutu, mimba patsogolo, mchira wa ng'ombe ukuvina m'dzanja. Ataona kuti anthu akuwayang'ana anamwetulira. Sindinawerenge, koma mano sanapitirire anayi. Ine, munthu woyang'anitsitsa, wophunzitsidwa ndi agogo, ndinali nditagula nyama kwa iwo zaka zisanu.

Anyamata awiri aja anaseka mpaka kutsamirana. Inenso ndinayesa kuseka. Koma wamkulu uja anaimirira pang'onopang'ono, osaseka, n'kuyandikira khutu langa.

"Ndiye ngati ndi a Chirwa, iwe unanamiranji? Umaganiza kuti ndi ndani?"

Abale, funso limenelo ndimalilotabe. Mwana sanalakwe. Anyamata aja sanatchule dzina la munthu. Pa msika wonse, munthu mmodzi yekha amene anayang'ana makutu aja ndi mano atatu aja n'kuzindikira mtsogoleri wa dziko anali ine. Ndipo wa wisulo uja nayenso sakananena zimene ankaganiza popanda kuvomera kuti naye waona zomwezo. Tinayang'anana ngati anthu awiri amene akumana pakhomo la sing'anga.

"Ndimaopa a Chirwa," ndinatero potsiriza. "Munthu wogwira chikwanje tsiku lonse, akamva kuti mwana wanga wawapatsa makutu otere..."

Wa wisulo uja anapumira m'mwamba, ndipo ndikukhulupirira kuti naye anamasuka. "Chabwino. Koma khadi lenileni lili kuti? Khala pansi apo."

Ndinakhala pansi, pamatope, monga ndinkachitira kunyumba. Wezi anagwedeza mutu posonyeza kuti lamulo latsatidwa bwino. Kenako anamasula kansalu kake, natsitsa chidole chija, ndipo pakati pa chitsononkho ndi nsalu panali khadi langa, lopindika pang'ono.

"Ndinapatsa mwana wanga," anafotokoza. "Akanalowa bwanji mumsika? Adada ndinawapangira lina."

Wa wisulo anati mwanayu ali ndi tsogolo m'chipani. Ndinati yewo chomene. Ndikananenanji?

Zikanathera pomwepo, koma amayi a nthochi aja anali atathamangira kale kwa a Chirwa. A Chirwawo anabwera okha ndi chikwanje chawo, natenga katoni ija, naiyang'ana patali, naiyandikiza. "Ndine ndithu!" anatero mokondwa. "Chibadwire palibe amene anandijambulapo." Anaikhomera kutsogolo kwa tebulo lawo (m'munsi ndithu, pakuti pamwamba panali pa chithunzi cha mtsogoleri yekha, ndipo nawonso sanali mwana), ndipo anamuwonjezera Wezi kachidutswa ka chiwindi. Ine sanandiwonjezere kanthu. Anangondifunsa kuti, "Ndamva kuti mumafuna kulanda nkhope yanga, a tsache?" Dzinalo linandimatirira mpaka ndinapuma pa ntchito.

Pobwerera ndinayesa kumulangiza mwanayo. Ndinati, "Wezi, si zonse zimene munthu waona ayenera kunena."

"Nanga inu mwanena zimene simunaone," anatero. "Zabwino ndi ziti?"

Kunyumba NyaMhango anamva nkhani yonse kuchokera kwa Wezi, ndi mawu a munthu aliyense, ndipo mutu unamulekadi. Atatha kupukuta misozi analowa m'khitchini, natuluka ndi tsache, n'kundipatsa.

"Mwalengeza pamaso pa chipani, bambo a Wezi. Musakhale wabodza kawiri."

Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kutsegula envulopu ndisanaipereke. Za kutseka pakamwa ndinazisiya kumuphunzitsa mwanayo. Ndinaona kuti m'nyumba mwathu wofunika phunzirolo ndi amene ankasesa pabwalo Loweruka lililonse.