Nthungululu Yanga m'Bokosi la a Mhango

Mukandiona masiku ano ndikudutsa ku Katawa chowerama, nsalu kumutu mpaka m'maso, musati agogo akumva chisanu. Chisanu cha Mzuzu ndinachizolowera kalekale, chibwerereni kuchokera ku Thyolo ndili ndi mwana mmodzi kumsana. Amenewo ndi manyazi, anzanga, manyazi odziputira ndekha ndi manja anga awiriwa.

Ine Mulungu sanandipatse sukulu yambiri, sanandipatse galimoto, koma kukhosi anandipatsa, anandipatsa ndithu osayeza. Nthungululu yanga ikalira kwathu ku Ching'ambo, a kutali ku Geisha amadziwa kuti kwabadwa mwana kapena mkwati watuluka m'tchalitchi. (Sindikudzitama ayi, funsani agalu a kwathu, ndi amene amayamba kuvomera.) M'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, otsogolera nyimbo ndi a Nyachirwa, mayi aulemu, a timawu tosalala, tating'ono, toti umachita kutchera khutu. Iwo amayambitsa, anzathu amapolokoza, ine ndimadikira. Nyimbo ikapsa, ikafika poti ngakhale abusa ayamba kugwedeza phazi, pamenepo ndiye ndimathira yanga.

Tsono kwaya inagwirizana zoti tikajambulitse nyimbo ku situdiyo. Ine ndinavina njira yonse mpaka pa golosale ya amayi a Asiyatu, aneba anga a ku Mangochi aja, kuti ndiwauze. Iwo sanaseke. Akundipimira shuga anandiuza kuti masiku ano mawu amabedwa ngati nkhuku, kuti anyamata a makompyuta amadula mawu a munthu n'kukawamata m'nyimbo zina zosadziwika mutu wake.

"Agogo, mudzangomva nthungululu yanu ikuvinitsa zidakwa ku bala. Anthu n'kumati, kani gogo uja amamwa?"

Shuga uja ndinamunyamula, koma mawuwo ndi amene analemera. Ine, wa yunifolomu yoyera, mawu anga kukalira pakati pa mabotolo? Ndinadzilimbitsa mtima kuti tikaimirira tonse pa maiki imodzi ngati m'mene timachitira pamaliro. Mawu akasakanikirana, wakuba awapatula bwanji?

Situdiyoyo ndi chipinda cha kuseri kwa nyumba ya a Mhango ku Katawa, bambo wa imvi za m'mbali, wolankhula mofatsa. (Kufatsako n'kumene kunayamba kundikayikitsa.) Makoma onse anamata mathireyi a mazira, zenera anatseka ndi matiresi. Ndinati mumtima, munthu wochita zoona amatseka zenera chifukwa chiyani? Tinawapeza atagwada pansi, nthambo zili mbwee, akutulutsa chinthu m'katoni.

Anatilonjera m'Chitumbuka, monire mose amama, ife yewo adada, kenako anayamba kutionetsa chinthucho ngati mwana wobadwa kumene. Kabokosi kakuda, kakatali ngati thabwa lodulirapo anyezi, kali ndi malo asanu ndi atatu olowetsamo nthambo, pamwamba pake tinyali ndi timabatani topotokola. Anati dzina lake ndi konveta, yangofika kumene kuchokera ku Tanzania, ndipo ife ndife oyamba kuilawa. Ntchito yake, anatero, ndi kulandira mawu ochokera m'maiki zambiri nthawi imodzi n'kuwasandutsa chinenero chimene kompyuta imamva. Malo aja iwo ankati matchanelo, ine ndinangoti makomo. Mayi aliyense maiki yake, nthambo yake, khomo lake, ndipo pa kompyuta mzere wakewake.

Ndinawerenga msangamsanga. Tinalipo amayi asanu ndi atatu, makomo asanu ndi atatu, palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. A Mhango anamata kapepala pa khomo lililonse n'kulemba mayina. La a Nyachirwa loyamba, langa lomaliza, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi dzanja lawo.

Ndinafunsa mwaulemu, ngati sindikufuna kanthu: "Adada, mawu anga akalowa okha m'menemo, angathenso kutuluka okha?"

"Chomene, agogo, kwambiri. Nditha kuwanyamula pano n'kukawaika pena paliponse pamene ndafuna."

Anayankha akumwetulira, mano onse panja. Wakuba kuulula yekha masana dzuwa likuswa mtengo! Ndinayang'ana anzanga, onse akungogwedeza mitu, yewo, yewo, ngati auzidwa za mphatso.

Kenako anati aliyense aimbe payekha kuti apime kukula kwa mawu. A Nyachirwa ataimba, kanyali kawo kanangoti phethi, kobiriwira, kofooka. A Mhango anapotokola batani lawo kukweza, kukweza, mpaka pafupi ndi pothera. Itafika nthawi yanga ndinati ndingopereka theka, asaone chuma chonse. Theka lomwelo kanyali kanga kanati psuu, kufiira. Anapotokola langa kutsitsa, kutsitsa, kutsitsabe, kenako anandipempha kuti ndibwerezenso. Ndinabwereza. Anati kachitatu. Anzanga onse kamodzikamodzi, ine katatu? Ndinati eya, akusankha yonona.

Zitatero ndinawaona akunong'onezana ndi a Nyachirwa pakona, chala chikuloza khomo langa. Makutu anga ndi okalamba koma sanapume pantchito. Ndinatola mawu awiri okha: "ya agogo" ndi "payokha." A Nyachirwa anandiyang'ana n'kuseka chamumtima. Ndinati ohoo, kani muli awiri. Mayi amene ndinawaperekeza kuchipatala ndi phala m'fulasiki!

Bokosi lija nalo linayamba matukutuku. Kanyali kena kankangophethira osakhazikika, ndipo m'sipika munkamveka tha, tha, tha, ngati mbuliwuli zikuphulika. A Mhango anatuluka thukuta m'chisanu chonse chija. Anatifotokozera kuti bokosi ndi kompyuta sizinagwirizane kuti wotsogolera liwiro ndani, chilichonse chikufuna kuyambitsa nyimbo. Anadina apa, anazimitsa, anayatsa, anasuntha kanthambo kena kowala nsonga ngati diso la mphaka, mpaka kanyali kaja kanakhazikika. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti tikamwe tiyi kukhitchini kwa akazi awo, bokosilo alisiya likuyenda kuti aone ngati mbuliwuli zija zibwerenso. (Mawu oti "likuyenda" ndinawamva ndithu. Ndinkayesa akunena kuyaka kwa tinyali.)

Ine ndinati bondo landigwira, nditsala. Tiyi wa mkaka ndi zitumbuwa ndinazikana ine, kuti mudziwe kuti nkhaniyi inali yaikulu.

Chitseko chitangotsekeka, bondo linapola. Nzeru yanga inali yoti wakubayo akadzabwera kudzatenga mawu, adzapita pa khomo lomaliza pamene pali dzina langa. Tsono bwanji apezepo mnzake wa chiwembu? Ndinagwada, ndinagwira nthambo ya maiki yanga, ndinayilondola pansi pa mipando ngati ndikulondola mbatata mumzere, mpaka pabokosi. Kuzula inakana. Ndinakoka, inakana. Ndinapeza kachitsulo kodina, ndinadina, inati phwe. Ya a Nyachirwa chimodzimodzi. Yanga ndinalowetsa khomo loyamba, yawo khomo lomaliza, mapepala a mayina ndinawasiya m'malo mwake.

Koma ine ndili ndi matenda amodzi. Manja akamagwira ntchito, pakamwa sipakhala chete. Kuchapa ndimaimba, kusesa ndimaimba, zimene ndikuganiza zimatuluka zokha ndi chuni chake. Ndiye ndili chogwada pamenepo ndinkaimba, mokoma ndithu, ndikugwedeza mapewa:

Mhango wakuba, Mhango wakuba,
ukaba lero uba udzudzu.
Nyachirwa mawu ngati udzudzu,
kavine nawo ku bala, mama.

Ndinaibwereza mpaka inakhazikika, ndinaikamo ndi besi. Pomwe ankabwera anandipeza pampando, ndikusisita bondo, nkhope ya munthu wodwala.

Tinaima aliyense pa maiki yake. A Mhango anavala mahedifoni, a Nyachirwa anawavekanso ena pamwamba pa duku kuti azidzimva bwino. Dzanja linakwera, nyimbo inayamba. A Nyachirwa anatsegula pakamwa, a Mhango anakwinya nkhope. Mawu a mayi aja tsopano ankalowa pa khomo langa lotsitsidwa lija, ndiye sankamveka n'komwe. Anawakodola kuti ayandikire maiki. Anayandikira mpaka milomo kukhudza. Palibe. A Mhango anatikupizira dzanja kuti tizipitirira, iwo n'kugwira batani la khomo loyamba, lokwera kale lija, kulipotokola mpaka linakana. Pambuyo pake anatiuza kuti chimene ankamva m'makutu ndi kupuma kwa munthu ndi kulira kwa m'mimba, n'kumadabwa kuti a Nyachirwa angodya kumene zitumbuwa. (Inali mimba yanga, yosamwa tiyi ija.)

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangoona kuti nzeru yanga yagwira, wakuba wasokonezeka. Mtima unasangalala, nyimbo inakoma, inakwera, inapsa. Ndinati lero mawu anga ali pobisika, ndiwamasule onse. Ndinakoka mpweya wa Mzuzu yense, ndinaponya mutu kumbuyo, ndinathira.

Anzanga, sindinaonepo bambo wamkulu akuuluka. A Mhango anachoka pampando chagada, miyendo m'mwamba, mahedifoni uko. A Nyachirwa anavula awo n'kuwaponya, duku linapita nawo limodzi, mutu wosapesa uli poyera. Kanyali ka khomo loyamba kanafiira ngati khala. Akazi a a Mhango anathamanga kuchokera kukhitchini ndi chikho cha madzi, kuyesa kwabuka moto.

Atadzuka, a Mhango anagwira khutu, maso ali ndi misozi. Sanandiganizire ine ngakhale pang'ono. Anayamba kudandaula kuti awagulitsa bokosi lachinyengo, kuti makomo ake ndi osokonekera m'kati, kuti akazi awo anawaletsa iwo osamva. Chisoni chinandigwira pang'ono, koma ndinati ayi, wakuba akalira usamupukute. Kenako ananena mawu amene anandimaliza. Anati mwamwayi anasiya bokosilo likujambula nthawi ya tiyi, tiyeni timvere kuti linayamba kupenga nthawi yanji.

Ndinati ine ndatsanzika, ndasiya nyemba pamoto. A Nyachirwa, akumanga duku, anati ndikhale, bondo lingandigwetse panjira.

Pa kompyuta panaoneka mizere isanu ndi itatu, yonse ili ndi timapiri. Maiki zonse zinandimva, iliyonse kuchokera mbali yake. Anadina. Poyamba kunamveka chitseko kutsekeka. Kenako mawondo kukhwekhwereza pansi. Kenako ine, mawu oyera bwino, opanda mbuliwuli ngakhale imodzi: Mhango wakuba, Mhango wakuba. Bokosi lija ndi labwino, ndikuuzeni. Ngakhale besi ija inamveka.

Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka. Mayi wina anayamba kuyang'ana mathireyi a mazira ngati akuwawerenga. Nyimbo inafika pa udzudzu, inabwereza pa udzudzu, a Mhango osaizimitsa, mwina chifukwa khutu linali lisanatseguke.

"Udzudzu, amama?" anatero a Nyachirwa, motsitsa, ndi timawu tawo tomwe tija.

A Mhango ndi amene anamasula za kunong'ona kuja, akulankhula mokuwa ngati ali kutsidya la mtsinje. Anati anagwirizana kuti nyimbo yoyamba itsegulidwe ndi nthungululu yanga payokha, kusanalowe mawu a wina aliyense, kuti aliyense woyatsa wailesi ayambe wamva ine. N'chifukwa chake anandibwerezetsa katatu. A Nyachirwa ndi amene anapempha, ankafuna ndidzadzidzimuke nayo pa tsiku lokhazikitsa chimbale.

Ndinagwada, ulendo uno bondo likupwetekadi. Ndinapepesa m'Chichewa, ndinapepesa m'Chitumbuka changa chothyokathyoka, phepani chomene adada, phepani amama. Anandikhululukira, poti ndi anthu opemphera. Koma pojambulanso, a Mhango analumikiza nthambo ziwiri kuti italike, n'kukaimika maiki yanga panja, pafupi ndi mpopi, mvula yamawawa ikundinyowetsa, akazi awo atakhala pakhomo kundilondera. Nyimbo yoyamba anaitsegula ndi kiyibodi. Nthungululu yanga ilimo, koma imamveka patali, ngati kwa aneba kuli chinkhoswe. A Nyachirwa mpaka lero tikakumana amandipatsa moni bwinobwino, kenako amadzimenya pakhosi pang'ono ngati alumidwa ndi china chake, n'kumapita.

Nthambo za eni ndinasiya kugwira, chimenecho ndaphunzira. Koma tiyeni tinene zoona, bambo aja ananena okha kuti atha kuika mawu anga paliponse. Katatu kaja kali m'kompyuta mwawo. Akuti ya udzudzu anafufuta, koma ine sindinaone ikutuluka. Ndiye ndikamachokera kumsika, ndikafika pa bala ina ya kwathu ku Ching'ambo, ndimachepetsa liwiro, ndimatula dengu, ndimagunditsa khutu pampanda kuti ndimve zimene zikulira m'katimo. Sabata yatha ndili chomwecho, khutu pampanda, phazi likugunda pansi lokha poti nyimboyo inali yokoma, kabaza inaima kumbuyo kwanga. Wokwerapo anali mkulu wa mpingo wathu. Anandipatsa moni waulemu kwambiri, anayang'ana chikwangwani cha bala, anandiyang'ananso ine, n'kuuza wakabaza kuti tiyeni.

Andiitana Lamulungu tikaweruka, akuti akulu a mpingo akufuna kucheza nane. Ndikawauza zoona, kuti ndimafunafuna mawu anga. Koma asanandiweruze, ayambe apita okha akamvere nyimbo imene inkalira tsiku limenelo. Chapakati pake pali mayi wina akuimba nthungululu, ndipo amapumira pomwe ndimapumira ine.